Miyendo ya Esitere pa Khoma la Apongozi

Pali chinthu chimene ndachisunga mumtima zaka zinayi, ndipo lero ndikuululira inu osandidziwa, chifukwa ondidziwa ndikuwaopa. Apongozi anga aamuna, mkulu wa mpingo pamudzi wina kuseri kwa Sinda, m'mawa uliwonse amapempherera mtsikana wina wa ku Vubwi dzina lake Esitere. Amamupempherera ndi mtima wonse, mpaka mawu kunjenjemera. Esitereyo kulibe. Sanabadwepo. Ndinamuumba ineyo ndili chogwada, ndipo miyendo imene akuipemphererayo ndi yanga.

Ndiyambire kumene zinayambira.

Ndili pa koleji ya aphunzitsi kufupi ndi Katete ndinali ndi matenda a nyuzipepala. Inkabwera imodzi yokha pa sabata, ya Chingerezi, pa basi yochokera ku Lusaka, ndipo ankaikhomera pathabwa m'chipinda chowerengera kuti wina asathawe nayo. Anzanga ankangoona zithunzi n'kumapita. Ine ndinkawerenga zonse: mikangano ya boma la Federeshoni, za alimi a fodya, za mankhwala a njoka zam'mimba, ngakhale timalemba ta pansi penipeni tonena kumene anaisindikiza. Ndinalembera mkonzi makalata atatu odandaula za fumbi la mumsewu waukulu, koma palibe imene inatuluka. Kunena zoona, fumbilo ndinalibe nalo ntchito. Ndinkangofuna kuona dzina langa litalembedwa ndi makina.

Ndiye tsiku lina a Dona otiyang'anira analengeza kuti kukubwera munthu wa nyuzipepala kudzajambula timu ya netibolo. Ine m'timumo sindinalimo. Ntchito yanga inali yonyamula ndowa ya madzi ndi kudula malalanje. Koma m'mawa umenewo mtsikana wina anadzuka ndi malungo, ndipo asanandipemphe n'komwe, ine ndinali nditavala kale diresi lake lamasewera. Tsoka lake, mwini diresiyo anali wamfupi, wondilekeza m'khwapa, pamene ine ndine wamtali ngati mtengo wa mbendera. Diresi limene kwa iye linkaphimba mawondo, kwa ine linatopera panjira.

Wojambulayo anali bambo woonda wa chipewa, kabokosi kali lende pakhosi.

"Musaime ngati muli pamaliro!" anatero. "Ndikaponya mpira, dumphani!"

Anzanga anadumpha mwaulemu, dzanja limodzi litagwira diresi. Ine ndinadumpha ngati ndikuthyola mango a kunsonga.

Chithunzicho chinatuluka patapita masabata atatu. Mpira unaphimba nkhope yanga yonse, kungotsala khutu limodzi. Koma miyendo! Kuyambira kuchala mpaka kumene anafikako amayi anga okha pondisambitsa ndili khanda. Pansi pake, m'timalemba tating'ono, dzina langa lonse ndi la koleji. Ndinanyada masiku awiri (inde ndinanyada, ndinamirenji pano). Kenaka a Dona anandiitana n'kundilangiza za utali wa madiresi, sabata yotsatira anakhomapo nyuzipepala ina, ine n'kuiwala. Ndinkayesa kuti nyuzipepala imafa ikatha sabata. Ndinali ndisanadziwe kuti kumudzi pepala silifa.

Ndinatsiriza maphunziro, ndinalandira satifiketi, ndipo ndinakwatiwa ndi mnyamata wina, mlangizi wa zaulimi, amene ankabwera pa koleji kudzatiphunzitsa kulima mizere yopingasa. Itafika nthawi yokaonekera kwawo, azakhali anga anandikhazika pansi n'kundipanikiza malangizo. Apongozi aamuna sayang'anidwa kumaso. Ukalowa, ugwade pafupi ndi khomo, maso kukhoma. Usawayankhe wekha, mawu ako adzere mwa apongozi aakazi, ngakhale nonse muli m'chipinda chimodzi.

Ndinamvera zonse, ndipo kumverako ndiko kunandipweteka.

Apongozi aakazi ndi munthu waukhondo. Khoma lonse la pabalaza analimata ndi manyuzipepala, ambiri mwa iwo okulungira mchere ku sitolo ya a Saidi pa Sinda, atawawongola bwinobwino n'kuwapaka phala la chinangwa. Ndinalowa, ndinagwada, ndinatembenuzira maso kukhoma monga anandiuzira azakhali. Ndipo pafupi ndi mphuno yanga, pakati pa chithunzi cha Bwanamkubwa ndi cha njinga yogulitsa, panali miyendo iwiri ili m'malere.

Ndinayang'anitsitsa. Inali yanga.

"Amake Lazaro," anatero apongozi aamuna kuuza akazi awo (Lazaro ndi mwana wawo woyamba, mkulu wa amuna anga), "auzeni apongozi athu ayang'ane bwino chithunzicho."

"Akuti muyang'ane bwino," anatero amayi, apongozi aakaziwo.

Ngati kuti ndikanatha kuyang'ana kwina.

"Ndinaletsa kuti pamenepo asamatepo pepala lina," anatero atate, apongozi aamunawo. "Ndili nacho cholinga. Ndimaonetsa atsikana a mumpingo. Izi ndizo sukulu ikuchita ndi ana a eni. Mwana ameneyu ali ndi atate wake? Ali ndi amalume? Koma taonani awa. Sukulu yomweyo, satifiketi kumanja, nsalu mpaka kumapazi. Nyumba ino Mulungu waikonda."

Amuna anga anatsamwa mwadzidzidzi n'kutuluka kukaona ngati njinga ili ndi mpweya. Anakhala kunjako nthawi yokwana kupopa njinga zisanu.

Mwina mukufunsa kuti nanga dzina lija sanaliwerenge bwanji. Atate amawerenga Baibulo lawo la zilembo zikuluzikulu, koma timalemba ta nyuzipepala amati ndi nyerere, maso awo sationa. Amayi sanapondeko kusukulu. Atsikana a mumpingo amawerenga, koma ndani angayandikize nkhope pamiyendo yotere mkulu wa mpingo akuyang'ana?

"Afunseni," anapitiriza atate. "Amuna awo anandiuza kuti ameneyu ndi wa ku koleji kwawo komweko. Akumudziwa?"

Apa ndipo ndikanaulula. Ndakhala ndikubwerera pamalo amenewa m'maganizo kambirimbiri. Ndikanangoti, ndine, ndinali mwana, ndikhululukireni. Koma munthu angotha kumene kukutamanda kuti ndiwe dalitso la nyumba, iwe n'kumuuza kuti tchimo lili pakhomalo ndiwe? Pakamwa panga panasankha pokha.

"Ndimamudziwa pang'ono," ndinanong'ona.

"Akuti ankagona chipinda chimodzi," anatero amayi mokweza.

"Dzina lake?"

Maso anga anagwera pa Baibulo linali patebulo. "Esitere."

"Wa kuti?"

"Wa ku Vubwi."

Vubwi ndinasankha dala. Ndi kutali, kumalire, dzinja lole sifikako, ndipo ndinali ndisanamvepo munthu wa ku Sinda ali ndi chokachita kumeneko.

"Tiyeni timupempherere," anatero atate.

Choncho ndinatsinzina, nkhalamba inadandaulira Mulungu za mawondo anga kwa nthawi yaitali ndithu, ndipo pamapeto pake ndinavomera nawo kuti Ameni.

Pobwerera, ndili pakaliyala ya njinga, ndinawatsina amuna anga m'nthiti.

"Pepala lija linafika bwanji kumeneku?"

"Ndinalisunga m'bokosi langa, pansi pa malaya. Amayi anaperewera lomalizira pangodya, ndiye anafwanthula m'bokosimo."

"Inu munkalisungiranji?"

"Iwe, ukuyesa ndinkabwera ku koleji kuja chifukwa chokonda mizere yopingasa?"

"Koma nkhope siikuoneka pamene paja!"

"Nkhope ndinadzaiona pambuyo pake. Ndinapeza kuti nayonso ilibe vuto."

Ndinawapempha kuti akauze atate awo zoona. Anati iwo anabadwira m'nyumba imene ija, amaidziwa bwino, ndipo akufuna kukhala ndi moyo wautali.

Ine ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Ayi ndithu. Ulendo wotsatira, ndisanamalize n'komwe kupereka moni, funso linali litafika kale kudzera mwa amayi: "Akuti Esitere ali bwanji?" Munthu amene ukumupempherera tsiku ndi tsiku umafuna kumva ngati zikusintha. Ndipo ine, poopa kuti ndikanena zabwino adzafuna kumuona, ndinayamba kumuononga mwana wa eni. Ulendo umenewo anachotsedwa sukulu. Pa Khirisimasi anathawa ndi dalaivala wa lole wa ku Fort Jameson. Pa Pasaka dalaivalayo anamusiya pa siteshoni ku Salisbury ndi mtolo wa zovala. Ndipo chilichonse chimene ndinkanong'ona chinkafika kwa atate chitanenepa.

"Akuvutika," ndinkatero ine.

"Akuti wayamba kusuta ndudu," ankatero amayi.

Ndinayesa njira zochotsera chithunzicho. Ndinadzipereka kumata khoma lonse ndi mapepala atsopano. Atate anati ndimate konse kupatula pamenepo. Ndinayesa kukanda ndi chikhadabo ndikusesa. Phala la amayi ndi lolimba kuposa simenti. Potsiriza ndinaganiza nzeru imene ndinkaiona ngati ya munthu wophunzira. Ndinaika satifiketi yanga m'galasi, ndinapita nayo ngati mphatso, n'kuikhoma ndekha pamwamba penipeni pa miyendo ija. Ndinabwerera kwathu ndikuimba.

Ulendo wotsatira ndinapeza atate aisuntha. Anaikhoma pambali pake, mogundana, kuti atsikana aziona zonse ziwiri nthawi imodzi: njira yabwino ndi njira yoipa. Tsopano dzina langa linali pakhomapo kawiri, lina la zilembo zikuluzikulu, lina la nyerere, motalikirana ngati chikhatho chimodzi.

Kenaka anabwera alamu anga a Lazaro patchuthi kuchokera kumigodi ku Kitwe, atavala jekete lachikopa dzuwa lili phwee, pakamwa podzaza nkhani za chinthu chatsopano chotchedwa televizhoni. Tinali tonse pabalaza masana, ine pamalo anga a nthawi zonse pafupi ndi khomo.

"Ndi bokosi, Atate, ngati wailesi, koma kutsogolo kuli galasi. M'katimo mumaoneka anthu akuyenda, akulankhula. Ife timaima panja pa sitolo n'kumaonera pawindo."

"Anthu enieni?"

"Zithunzi, koma zamoyo."

Atate analoza kukhoma ndi ndodo. "Ndiye kuti ngati icho chikhoza kuyenda?"

"Kudumpha kumene."

"Lazaro, iwe maso ako ndi abwino. Tawerenga pansipo, mwina alemba dzina la atate wake. Ndikufuna ndiwalembere kalata."

Alamu ananjuta. Ndinaona milomo yawo ikugwedera. Anasiya, anayang'ana satifiketi. Anabwerera pa nyerere zija. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana zidendene zanga, zimene ndinazikokera msanga m'nsalu.

"Mwati dzina lake ndani, alamu?"

"Esitere," ndinatero ndi mawu a munthu amene akumira.

"Esitere. Eya, eya. Dzina la atate wake mphemvu zadya, Atate. Koma mtsikanayu ine ndikumudziwa. Ndinamuona mu televizhoni ku Kitwe."

"Kalanga ine! Akuchita chiyani?"

"Akudumphabe, Atate. Sanatsike mpaka pano."

Tsiku limenelo atate anasala kudya. Alamu anadya mbale ziwiri. Ndipo tchuthi chonsecho ndinali kapolo wawo. Akandipeza pamtondo: "Alamu, tiyi wamkaka, shuga masupuni atatu, apo ayi mphemvu zija zilavula dzina." Ndikamadutsa ndi mtsuko pamutu: "Pondani bwino, alamu, miyendo imeneyo ndi ya mpingo wonse." Choseketsa n'chakuti, ndi satifiketi yanga yonseyo, ndinawafunsa amuna anga pambali ngati n'zotheka kuti azungu atenge chithunzi cha m'nyuzipepala n'kuchiyendetsa m'bokosi lija. Anaseka mpaka kukhala pansi. Mpaka lero televizhoni sindinaione ndi maso, koma ku Sinda aliyense amadziwa kuti ndinalowamo kale.

Zonsezi ndinapirira. Amene anandigwetsa ndi mwana wanga yemwe, Malita, wa zaka ziwiri.

Mwezi wathawu tinapita kukaona agogo ake. Titangokhala pansi, iye anatsika pamiyendo panga, anayenda dzandidzandi mpaka kukhoma, anamenya chithunzi chija ndi kachikhatho kake n'kufuula mokondwa:

"Amama!"

Ndinali ndisanaganizepo kuti mwana wa zaka ziwiri amadziwa amake kuyambira m'mawondo kutsika. Ndiko kumene amakhala tsiku lonse.

Atate anaseka. "Iyayi, mdzukulu wanga. Amako ndi awo ali apowo. Uyo ndi Esitere."

"Amama," anatero Malita motsimikiza. Anabwera kwa ine n'kuyamba kukoka nsalu yanga m'mwamba kuti awaonetse agogo ake umboni.

Ndinamuwakha ngati nkhuku yolowa m'munda. Ndinaona atate akuyang'ana khoma, kenaka mwana, ndipo nkhope yawo inayamba kuganiza. Ndinafunika kuponya chinthu chachikulu pakati pathu msangamsanga, ndipo ndinaiwala ngakhale kudzera mwa amayi.

"Atate, ndinaiwala kunena. Esitere anatembenuka mtima."

"Mwati chiyani?"

"Anabwerera kwawo. Anakwatiwa ndi munthu wabwino, wamantha pang'ono koma wabwino. Ali ndi mwana mmodzi wamkazi. Akuphunzitsa ana a Sitandade 1. Amaimba kwaya. Amavala nsalu mpaka kumapazi, ndipo akakumbukira chithunzi chimenecho amasowa mtendere."

Ndinazindikira ndili pakati kuti ndikungofotokoza moyo wanga womwe. Aka kanali koyamba kunena zoona m'nyumba imene ija.

Ndinaphwanya mwambo kachiwiri n'kusuzumira atate kumaso, ndipo ndinaona misozi ikutsika m'makwinya mwawo. Anadzuka ndi ndodo yawo natuluka. Tinamva nkhuku zikuthawa kuseri, nkhalamba ikupuma wefuwefu, ikukana kuti wina aithandize. Anabwera atanyamula msoti woyera, wonenepa kuposa yonse, ataumanga miyendo ndi luzi, n'kuuika patsogolo panga.

"Mukamupatse. Mukamuuze kuti ku Sinda kuli nkhalamba ina imene sinamutaye ngakhale tsiku limodzi."

Anzanga, ndikanakonda akanandimenya ndi ndodo ija.

Amayi anatiperekeza kumsewu waukulu kukadikira basi. Amuna anga anatsogola ndi Malita paphewa, ife tinatsala m'mbuyo, ine nkhuku m'khwapa. Tinayenda mpaka pamtengo wa mkuyu.

"Amake Malita," anatero amayi, maso ali kutsogolo, "nkhukuyo musavutike kupita nayo ku Vubwi. Njira ndi yoipa."

Ndinaima.

"Ndinadziwa tsiku lomwe lija munagwada koyamba. Ine kuwerenga sinditha, koma zidendene ndimazidziwa."

"Amayi! Nanga bwanji munkaonjezera? Za ndudu zija ine sindinanene!"

Anatulutsa kabotolo ka fodya wamphuno m'mphepete mwa nsalu, ananunkhiza bwinobwino, anayetsemula.

"Mwana wanga, kale atate anu akadzuka ankayamba ndi ine. Fodya wangayu, kuchedwa kutchalitchi, kuseka mokweza pamaliro. Pemphero lonse linali la ine, ndili pomwepo. Chibwerere Esitere, ine ndikupuma. Ndiye inu mwamulapitsiranji msanga chonchi? Bwenzi mutamusiya agweko chaka china."

Pomwepo basi inafika.

Msoti uja uli pano pa nyumba ya aphunzitsi, wayamba kuikira kuseri kwa chitseko cha khitchini. Sabata yatha atate anatumiza mawu kuti akudikira kumva ngati mphatso inafika. Ndinakhala pansi masana onse a Loweruka, Malita akundikoka nsalu, n'kulemba kalata ya masamba awiri, zilembo zikuluzikulu kuti awerenge okha. Ndinawathokoza chifukwa cha nkhuku. Ndinawauza kuti tsiku lija ndinadumpha chifukwa chofuna kuoneka, osati chifukwa choipa mtima. Ndinawauza kuti palibe munthu wina amene anandipemphererapo motero, ngakhale atate anga ondibala, ndipo kuti ndimawaopa ndi kuwakonda mofanana. Ndinalira polemba. Nditafika pansi, polemba dzina la mwini kalata, cholembera chinaima nthawi yaitali.

Ndinalemba kuti Esitere. Amuna anga anapita nayo dzulo panjinga.

Ndiye ndi izi ndakuitanirani. Ine ndimaphunzitsa ana a eni kuti bodza ndi loipa, ndipo wangayu akukula, posachedwa ayamba kulankhula ziganizo zathunthu pamaso pa agogo ake. Mbali ina ndimati, nkhalamba ija yasangalala kuti Mulungu anaiyankha, ndine yani kuti ndikailande chimwemwe chimenecho? Mbali ina ndimati ndikungodziteteza, ndipo mazira amene ndikukazingira mwana m'mawa ndi akuba. Komatu nkhuku inafika kwa mwini wake weniweni. Ndipo m'kalata monse muja bodza ndi liwu limodzi lokha, la pansi penipeni.

Inu amayi anzanga, makamaka amene muli ndi apongozi, tandiuzani mosandinyengerera: ndinachita bwino?